Chotsani ndodo ku buti: mmene mungasinthire nokha mashoko a buti ndi a boneti

Mukaima pa msika waukulu wa Zomba kapena pa Mpondabwino m'mawa, tayang'anani ma Sienta ndi ma Probox amene akupakira katundu. Ambiri mupeza chitseko cha kumbuyo chachirikizidwa ndi ndodo, mpini wa tsache, kapena mutu wa mnyamata amene akupakirayo. Inenso Sienta yanga inayenda ndi nsungwi m'buti kwa miyezi ingapo, mpaka m'mawa wina mu Juni, chiperoni chitakuta phiri lonse. Mwana wa achemwali anga anawerama kuti atulutse thumba la mpunga limene tinagula ku Jali. Thumba linagunda nsungwi, nsungwi n'kutsetsereka, chitseko n'kumugwera pakati pa khosi ndi phewa. Fupa silinathyoke, koma sabata yonse ankatembenuka ndi thupi lonse akafuna kuyang'ana kumbali. Chitseko chimenechi chili ndi galasi, mota ya waipa, loko ndi chitsulo chambiri. Timachiona ngati chopepuka chifukwa mashoko amatinyamulira; akafa m'pamene munthu amadziwa kulemera kwake.

Chimene chinandipweteka mtima pambuyo pake n'chakuti ntchito yosintha mashokowa siinanditengere ngakhale theka la ola.

Amakaniko amawatchula kuti mashoko a buti, ngakhale kuti alibe ubale ndi mashoko a ku matayala. Lililonse lili ndi mbali yonenepa yakuda, ndi kachitsulo konyezimira kamene kamalowa ndi kutuluka. M'kati mwa mbali yakudayo muli mpweya wa nitrogen wopanikizidwa kwambiri ndi mafuta pang'ono. Pakamwa pake pali kalabala kotseka mpweyawo. Zaka zikamapita kalabalako kamauma n'kumadyeka, mpweya n'kumathawa pang'onopang'ono. Magalimoto ambiri amene timagula atadzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe amakhala atayenda kale zaka zambiri ku Japan, ndiye amafika kuno mashoko ali kumapeto a moyo wawo.

Kuzizira kumaulula zimenezi msanga. Mpweya ukazizira mphamvu yake imatsika: kutentha kukatsika ndi madigiri 10, shoko limataya mphamvu pafupifupi magawo atatu ndi theka pa 100 alionse. N'chifukwa chake chitseko chimene chinkaima bwinobwino mu Okutobala chimayamba kutsika chokha mu Juni ndi Julayi, makamaka m'mawa, kapena mukakwera nayo galimoto ku Ku Chawe. Dzuwa likawomba masana chimaonekanso ngati chachira, munthu n'kumati palibe vuto. Musanamizike, shokolo likufa. Zizindikiro zina ndi mafuta amene amanyowetsa pakamwa pa mbali yakuda fumbi n'kumatirirapo, chitseko chimene muyenera kuchikankha mpaka pamwamba m'malo moti chikwere chokha, ndi dzimbiri kapena zokanda pa kachitsulo konyezimira.

Musanapite kukagula

Apa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama, ndiye ndichedwapo.

Tengani nsalu yonyowa mupukute mbali yakuda ya shoko lakale. Pamakhala zolemba zing'onozing'ono: nambala ya sipeya, ndipo pa ambiri pamakhalanso nambala yothera ndi chilembo N, monga 380N kapena 450N. Imeneyo ndiye mphamvu ya shoko, yoyezedwa m'ma newton. Kuti mumvetse kukula kwake, 10N ndi pafupifupi kulemera kwa kilogalamu imodzi, ndiye shoko la 400N limakankha ngati thumba la makilogalamu 40. Jambulani zolembazo ndi foni. Onaninso ngati pali chilembo L kapena R, chifukwa pa magalimoto ena lakumanzere ndi lakumanja amasiyana zitsulo zomangira.

Kenako yezani kutalika. Wina agwire chitseko chili chotsegula mpaka pamapeto, inu muyeze ndi tepi kuchokera pakati pa mfundo ya kumtunda (pamene shoko lamangidwa pa galimoto) kufika pakati pa mfundo ya kumunsi. Pakati, osati kunsonga. Yezaninso kutalika kwa kachitsulo konyezimira kamene kakuonekera kunja. Lembani m'mamilimita. Jambulani mfundo zonse ziwiri moyandikira kuti wogulitsa aone mmene zimagwirira.

Chomaliza ndi nambala ya chasisi, imene ili mu bulubuku komanso pa kachitsulo kokhomedwa pa galimoto. Kungonena kuti "ndikufuna a Sienta" kapena "a Fit" sikukwanira. Sienta yoyamba ija, imene inapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, chasisi yake imayamba ndi NCP81 kapena NCP85, ndipo chitseko chake si chofanana ndi cha Sienta yatsopano. Honda Fit ya GD1 ndi ya GE6 ndi magalimoto awiri osiyana ngakhale dzina ndi limodzi.

Yambani kufunsa m'mashopu a masipeya a m'tauni mwathu muno. Akasowa, Limbe ndi Blantyre si kutali. Tumizani zithunzi zija pa WhatsApp musanakwere minibasi. Koposa zonse, chotsani shoko limodzi lakale mupite nalo, mukaliike pambali pa latsopano pa kauntala pomwepo. Ine ulendo woyamba ndinangotumiza ndalama. Wogulitsa wina ananditumizira awiri ofanana kutalika, koma zolemba zake zinali zosiyana, lina lamphamvu kwambiri kuposa linzake. Nditamuimbira anandiyankha kuti, "Bwana, onsewo ndi amodzi, amangeni basi." Si amodzi. Lamphamvu limakankha mbali imodzi, chitseko chimakwera chopendekeka, mahinji n'kumadyeka. Ndinawabweza.

Kulakwitsa kulikonse kuli ndi malipiro ake. Shoko lofooka silinyamula chitseko. Lamphamvu mopitirira limachititsa chitseko kudumpha ngati msampha mukangotsegula loko, limavuta kutseka, ndipo pakapita nthawi limang'amba chitsulo chopyapyala pamene lamangidwa. Lalitali limakana kuti chitseko chitsekeke bwino kapena limakakamiza mahinji kupitirira malire. Lalifupi limasiya chitseko chili mmunsi, mphumi zanu n'kumavutika. Kusiyana kwa 20N kapena 30N ndi lakale si nkhani, bola awiriwo akhale ofanana. Kutalika ndiye kusasiyane kuposa mamilimita ochepa.

Gulani awiri. Ndikudziwa kuti ndalama ikuvuta ndipo mtima umati ndisinthe lokhalo limene likudontha mafuta. Koma awiriwo anabadwa tsiku limodzi ndipo agwira ntchito yofanana. Latsopano likasiyidwa ndi lotopa limasenza katundu wa awiri, n'kufa msanga.

Nanga a pa magalimoto ophwasula? Amatchipa, ndipo nthawi zina amakhala enieni a kufakitale. Vuto n'lakuti msinkhu wawo ndi womwewo wa anu. Ngati palibe kuchitira mwina, yesani motere: ikani nsonga imodzi pansi pa thabwa, mutsamire ndi manja awiri. Likalowa mosavuta, lisiyeni pomwepo. Lamoyo limakana, mwina osasuntha n'komwe. Zimenezi zikumbukireninso mukagula atsopano, chifukwa anthu ena amawabweza ku shopu poganiza kuti ndi owuma. Sanaume, kungoti dzanja silingapanikize makilogalamu 40 mophweka. Mwa mayina odziwika pali Stabilus ya ku Koblenz ku Germany, imene imapangira mafakitale ambiri a magalimoto, koma dzina losindikizidwa pa pepala lomata lisakuiwalitseni kuyeza.

Zofunika pa tsikulo

Sikuludiraiva yaing'ono ya mlomo wafulati, sipanala za 10, 12 ndi 13, nsalu ziwiri, girizi pang'ono, WD-40 (mafuta opopera omasula mabawuti) ngati pali dzimbiri, thabwa lolimba lotalika bwino, ndi munthu wamkulu mmodzi. Munthuyo ndiye chida chachikulu. Thabwa ndi wachiwiri wake chabe, ndipo mwana asapatsidwe ntchito imeneyi.

Zomba ndi wa zitunda, ndiye funani malo athyathyathya, mukoke handibuleki, muzimitse injini. Ngati kukuwomba mphepo yamphamvu, dikirani kapena tembenuzani galimoto kuti mphepo isamamenye chitseko.

Kuchotsa lakale

Tsegulani buti mpaka pamapeto. Wothandiza aime kumbuyo, manja onse awiri pa m'mphepete mwa chitseko, osati pa galasi. Chirikizani thabwa pakati, phazi lake lili pansi pa buti kapena panthaka pamene silingaterereke, mutu wake pa chitsulo cha chitseko mutapindapo nsalu. Inu muziima chakumbali, mutu wanu usakhale pansi pa chitseko.

Gwirani mbali imodzi kaye. Musachotse onse awiri nthawi imodzi.

Tsopano yang'anani mfundo. Pa magalimoto ambiri, nsonga ya shoko ili ngati kakapu ka pulasitiki wakuda kamene kavala kampira kachitsulo, nthawi zambiri ka mamilimita 10, komangidwa pa galimoto. Kumsana kwa kakapuko kuli kakilipu, kachitsulo kopyapyala kopindika kamene kakukumbatira. Pakati pa kakilipuko pali kampata. Lowetsani mlomo wa sikuludiraiva mmenemo, mutukule pang'ono, mamilimita awiri kapena atatu basi. Simukufuna kukachotsa, mukungofuna kuti kamasule kampira. Kakatukuka, kokerani shoko kunja ndi dzanja linalo, ndipo limangoti phwa, latuluka. Sikuludiraiva iziloza kutali ndi galasi ndiponso kutali ndi chikhatho chanu, chifukwa imaterereka. Yalani nsalu pa penti yoyandikana nayo.

Musanakoke, muuzeni mnzanuyo. Ine ndinali ndi mlamu wanga, ndipo ndinati, "Alamu, ndikuchotsa tsopano, limbani." Ngakhale ndinawachenjeza, manja awo anatsika pang'ono ndithu. Shoko limene timati lafa limakhala likunyamulabe kenakake, ndipo likachoka katundu yense amatsikira pa wogwirayo kamodzi.

Mukamasula nsonga imodzi, gwirani shoko lisagwe n'kukanda penti kapena kumenya nyali ya kumbuyo, kenako masulani inayo mwa njira yomweyo. Musanaliike pansi, onetsetsani mbali imene inali kumtunda.

Si magalimoto onse ali ndi kakilipu kotere. Pa ena kakapu ndi kachitsulo ndipo kamatsekedwa ndi kawaya: kawayako mumakatembenuza kuchoka pakhosi pa shoko, n'kukasolola, ndipo musakataye. Pa magalimoto ambiri a ku Japan, kampira sikachoka n'komwe m'kakapu. Shoko limabwera ndi kampira kake kapena ndi chitsulo chomangira, ndipo mumamasula ndi sipanala. Mukaona kuti palibe kakilipu kapena kawaya kalikonse, musalimbane nazo ndi nyundo. Funani mabawuti. Thirani WD-40, dikirani mphindi zochepa, kenako masulani ndi sipanala yokwana bwino kuti mitu ya mabawuti isabulungike. Mukaona kawaya ka magetsi kolumikizidwa ku shoko, kajambuleni kaye, kenako mukasolole mosamala kuti mudzakabwezere pamalo pake.

Kumanga latsopano

Pukutani timipira tonse tiwiri. Tigwedezeni ndi zala: kakakhala kolobodoka, kamangeni, kakakhala kodyeka mbali imodzi kapena koti dzimbiri lakadya, kasintheni, apo ayi shoko latsopano lidzavuka lokha. Yang'ananinso chitsulo cha galimoto mozungulira kampirako ngati sichinang'aluke. Chikakhala chong'aluka imani kaye, imeneyo ndi ntchito ya wowotcherera, ndipo awotcherere shoko lisanamangidwe. Pakani girizi pang'ono pa kampira, kadontho chabe. Pa kachitsulo konyezimira musapakepo chilichonse.

Latsopano liloze mmene linalozera lakale. Lamulo lake ndi lakuti chitseko chikakhala chotseka, kachitsulo konyezimira kaziloza pansi, kuti mafuta a m'kati azitsikira pa kalabala kaja kasaume. Mafuta omwewo ndi amene amachititsa kuti chitseko chifike pamwamba mofatsa m'malo momenya. Ngati munagula galimoto wina atasintha kale mashoko n'kuwazondotsa, tsatirani lamuloli, bola zomangira zikulola.

Kakilipu ka latsopano musakatukule. Lozetsani kakapu pa kampira, mukankhe ndi chikhatho mpaka mumve kuti khethe. Ngati kakapu ka nsonga inayo kayang'ana kolakwika, gwirani mbali yakuda mutembenuze kakapuko ndi dzanja, molowera kumene mumamangira bawuti kuti kasamasuke. Musagwire kachitsulo konyezimira ndi pulayala. Kachipsera kamodzi pamenepo kamadula kalabala nthawi iliyonse chitseko chikatsekedwa, ndipo shoko latsopano limatha mpweya m'masabata ochepa.

Nthawi zambiri nsonga yachiwiri imaphonya kampira ndi mamilimita ochepa. Apa anthu amayamba kulimbana ndi shoko kuti alifupikitse. Simungalithe, ndipo likapulumuka m'manja limaswa galasi. Sunthani chitseko, osati shoko. "Alamu, kwezani pang'ono. Pang'ononso. Basi, imani pomwepo." Kakapu kakafika pa kampira, kankhani. Kenako kokani nsonga zonse ziwiri mwamphamvu kuti mutsimikize kuti zagwira, ndipo onani kuti tikilipu tagona bwino m'malo mwake.

Kwa a mabawuti, yambani kumanga ndi zala mpaka mabawuti alowe mizere ingapo, ndiye mutenge sipanala. Nati yake imakhala yowotcherera m'kati mwa bodi momwe dzanja silifika. Mukaipotoza mizere mwadziputira ntchito yaikulu. Mangani kuti zithine, osachita kudumphira pa sipanala.

Mbali yachiwiri ndi chimodzimodzi, ndipo wothandiza asasiye kugwira ngakhale akumva kuti chitseko chapepuka.

Mukamaliza chotsani thabwa, mnzanuyo asiye pang'onopang'ono manja ali pafupi. Tsitsani chitseko mofatsa, maso ali pa mashoko. Ulendo woyamba chimalimba, chifukwa kalabala kamakhala katamatirira pamene shoko linali pa shelefu. Kulimba kotereku kumatha. Koma chikafika penapake n'kukaniratu ngati chagunda mwala, kapena mukaona shoko likupindika kapena kukhuza bodi, musakakamize: kutalika kwalakwika kapena mwasinthanitsa lakumanzere ndi lakumanja. Zikakhala bwino, tsegulani ndi kutseka kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Chitseko chabwino mumachitukula pang'ono, chokha n'kukwera, n'kufika pamwamba mwakachetechete. Mawa lake m'mawa, kusanafunde, yesaninso.

Ngati chitseko cha galimoto yanu chimatseguka ndi batani n'kukwera ndi mota, zimene ndafotokozazi si zanu. Pitani kwa wodziwa zamagetsi a galimoto.

Ku boneti

Vitz, Passo, Fit, Sienta ndi anzawo ang'onoang'ono alibe mashoko ku boneti. Ali ndi kandodo kachitsulo kochirikizira. Pamenepo chongoyang'ana ndi kapulasitiki kamene kamagwira kandodoko, kakathyoka kasintheni. Mashoko a boneti mumawapeza pa magalimoto monga Mercedes-Benz, BMW, Land Cruiser ndi VW Golf. Amatha msanga chifukwa amakhala m'chifunga cha kutentha kwa injini, ndipo ngozi yake ndi yoipa, poti boneti imagwa munthu atalowetsa mutu ndi manja kuti aone oyilo kapena madzi.

Kasinthidwe kake ndi komweko, kungowonjezera zinthu zochepa. Injini izizire kaye. Thabwa lisatsamire pa radiyeta, pa batire kapena pa pulasitiki. Liime pa chitsulo chopingasa cha kutsogolo pamene pali loko, mutu wake ugwire nthiti ya kunsi kwa boneti, osati pa chitsulo chopyapyala chapakati chimene chimatuza. Mawaipa akhale atagona pa galasi. Sipanala ndi sikuludiraiva zisayandikire mitu ya batire. Ndipo werengani mashoko musanayambe: ma Golf ambiri ali ndi limodzi lokha, ndiye mukalivula palibenso china chogwira boneti kupatula manja a mnzanuyo. Mphamvu ya a boneti kawirikawiri imasiyana ndi ya a buti, musasinthanitse ngakhale akuoneka ofanana.

Kuti akhalitse, ndi kotaya akale

Mdani wamkulu kuno ndi fumbi. Mukabwera ku Kachulu kapena kumidzi ya ku Chingale m'chilimwe, pukutani kachitsulo konyezimira ndi nsalu youma yofewa. Anyamata otsuka magalimoto ena amapakapo girizi kapena oyilo wakuda pofuna kuthandiza. Aletseni mwaulemu, chifukwa fumbi likamatirira pamenepo limasanduka msasa wopala kalabala. Galimoto ikapita kokapopera penti, uzani wopopayo akulunge mashoko ndi pepala. Chizolowezi chathu chodzaza katundu mpaka chitseko kulephera kutsekeka, n'kuchimanga ndi chingwe cha labala, chimapha mashoko ndi mahinji omwe: bampu iliyonse imagwedeza chitseko chili pakati pa njira, ndipo matumba amakankha shoko chammbali mpaka kupindika. Potseka, kokani chitseko pa chogwirira chake, osati pa shoko.

Wina akakuuzani kuti aboola lakale n'kulipopa ndi kompuresa ya matayala, mukaneni. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wa 2 bar ndi pang'ono. Shoko la 400N lokhala ndi kachitsulo ka mamilimita 8 limakhala ndi pafupifupi 80 bar m'kati. Kompuresa siingafikeko, ndipo woboolayo akuika maso ake pachiswe.

Pa chifukwa chomwechi, akale aja musawaponye kudzala kumene mumatentha zinyalala. Ngakhale lotopa limakhala ndi mpweya wotsalira, ndipo pamoto limaphulika. Musawasiye pabwalo pamene ana angawatole kukapangira magalimoto awo a mawaya, chifukwa chimene mwana amayamba kuchita ndi kuwakhoma ndi mwala kuti aone za m'kati. Anga awiri ndinawamanga pamodzi ndi waya n'kukawapereka kwa makaniko amene amasonkhanitsa zitsulo zakutha, ndipo ndinamuuza kuti aliyense wodzawatenga amuchenjeze kuti muli mpweya, asawadule ndi girayinda kapena kuwayandikiza ku moto wowotcherera.